Kamota ka batire pa boti la usodzi: mugule ka mapaundi angati?

Abale anga a ku Songo, Chicoa, Mágoè mpaka uko ku Zumbo, funso la trolling motor, kamota ka batire koyendetsa boti mwakachetechete, lachuluka masiku ano, aliyense akaona azungu obwera kudzawedza mcheni ali ndi kamota kopanda phokoso kaja nayenso akufuna, ndiye munthu amangolowa pa Facebook nkuitanitsa kalikonse komwe wakapeza kenako nkumadandaula kuti sikakukoka. Nde tiyeni tikambirane bwinobwino mmene mungasankhire musanataye ma meticais anu.

Choyamba mudziwe kaye kuti kachinthu aka si injini. Sikalowa m'malo mwa Yamaha wanu wa mahosipawa 15 kapena 40 uja. Kamota ka mapaundi 55, komwe ndi kakakulu mwa ta batire limodzi, kakamathamanga kotheratu kamadya ma amp pafupifupi 50 pa 12V, ndiye kuti ma watt 600, pomwe hosipawa imodzi yokha ndi ma watt 746. Mwaona? Sikafika olo pa hosipawa imodzi. Liwiro lake limathera cha m'ma kilomita 6 mpaka 8 pa ola boti likakhala lopepuka, ndipo olo mugule kakakulu bwanji liwiro silikwera kwenikweni, chimene chimakwera ndi mphamvu yokankha katundu wolemera ndi yolimbana ndi mphepo. Ntchito yake ndi yoyenda mwakachetechete m'mbali mwa miyala ndi pakati pa mitengo yomira ija, kuimitsa boti malo amodzi mphepo ikamalikankha, kulowa m'timagombe tosaya osabalalitsa nsomba za pende. Ngati mukufuna choti chikuchotseni ku Chicoa kukafika ku Songo, siyani kuwerenga pompano mukagule injini ya petulo. Cahora Bassa ndi nyanja ya makilomita oposa 200 m'litali, batire la kamota aka silingakuwolotseni kuchoka uku kufika uko. Eni zimaboti zikuluzikulu zophera kapenta zija nanunso izi sizikukukhudzani, chiboti chimenecho ndi chinyumba choyandama, chimafuna dizilo basi.

Mphamvu ya timota iti samailemba m'mahosipawa, amalemba mapaundi, mupeza pa bokosi palembedwa 30 lb, 40 lb, 55 lb, 80 lb chonchi. Nambala imeneyi ndi ya mmene kamotako kamakankhira madzi. Lamulo lomwe makampani opanga ngati Minn Kota amapereka ndi loti mapaundi 2 okankha pa mapaundi 100 aliwonse a kulemera kwa boti lodzaza. Ife kuno timayeza pa kilo, nde kuti zisavute ingotengani makilo onse mugawe ndi 23, yankho lake ndiwo mapaundi ochepetsetsa omwe mukufunika.

Apa ndi pomwe anthu amadzinamiza, pa mawu oti lodzaza. Munthu amawerengera boti lopanda kanthu mmene lakhalira pamchenga, kuiwala kuti m'mawa mumakwera atatu, kuli thanki, kuli ayezi, kuli batire lenilenilo lomwe ndi mtolo palokha. Tengani pepala mulembe chilichonse. Tiyerekeze boti la aluminiyamu la mamita 4, lokhalo makilo 150. Injini ya 15 kumbuyo, makilo pafupifupi 40. Thanki ya malita 25 yodzaza petulo, makilo 20 ndi kanthu. Batire la 100Ah lamtovu (Ah ndi muyezo wa moto womwe batire limasunga), 30. Anthu atatu, tingoti 75 aliyense, ndi 225, ndipo ngati amalume anu ali a thupi musawachepetse kkkk. Kolemani ya ayezi ndi nsomba pobwerera, 60. Nangula, zingwe, nkhafi, mbedza, madzi akumwa, 25. Zonse pamodzi makilo 550. Gawani ndi 23 mupeza 24. Ndiye pa pepala kamota ka 30 kakwana.

Koma pepalalo silinakwereko boti ku Chicoa mwezi wa Seputembala. Lamulo lija limaganiza za madzi odekha. Nyanja yathu yagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo ndipo kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala mphepo ikayamba imakhala ndi mtunda wautali wokwezera mafunde, makamaka malo otambasuka aja, kusiyana ndi kumpata kufupi ndi damu komwe mapiri amatchingirako. Boti la aluminiyamu ndi lopepuka komanso mbali zake ndi zazitali, mphepo imaliwomba ngati chitini chopanda kanthu, kamota ka 30 kamangolira boti likubwerera m'mbuyo. Nde ine ndimati nambala yomwe mwapeza muwonjezere theka lake ngati mumawedza m'magombe obisika, ndipo muichulukitse kawiri ngati mumatuluka poyera kapena mumawedza mu Zambezi. Pa boti lathu lija 24 asanduka 36 mpaka 48, ndiye kuti mugula ka 40 kapena 45, ndipo ka 55 ngati thumba likulola. Kugula kakakulupo sikuononga chilichonse chifukwa mumangokayendetsa pa sipidi yotsika, koma kakang'ono mumakakakamiza tsiku lonse pa sipidi yomaliza ya 5, kamatentha, batire nalo limatha msanga.

Tsopano boti la faiba lalitali lija anthu amalitcha banana, la mamita 6 kapena 7. Tiyerekeze lokhalo 350, injini ya 40 makilo 75, petulo 45, anthu asanu 375, mabatire awiri 60, katundu ndi nsomba 150. Zikukwana 1,055, kugawa ndi 23 ndi 46. Apa ka 55 kali pamalire penipeni, kagwira m'mawa nyanja ili bata koma masana mphepo ikadzuka kakusiyani. Boti lotere limafuna ka 70 kapena 80, ndipo apa nkhani yasintha chifukwa mwatuluka mu 12V.

Mvetsani bwino apa. Timota ta 30 mpaka 55 timayendera batire limodzi la 12V. Ta 70 ndi 80 timafuna 24V, mabatire awiri. Ta 101 ndi 112 timafuna 36V, mabatire atatu. Kulumikiza awiri kuti apange 24V mumatenga waya wamfupi wonenepa kuchoka pa pulasi ya batire loyamba kupita pa mainasi ya lachiwiri, ndiye mitu iwiri yotsalayo ndi yomwe imapita ku kamota. Mabatirewo akhale amtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa nthawi imodzi, osati lina latsopano lina lomwe linali pa sola ya kunyumba zaka zitatu, lofookalo limakoka linzake onse nkufera limodzi. Ndipo mukaona kamota kotchipa pa intaneti kolembedwa manambala akuluakulu ngati 80 kapena 90 koma akuti ndi ka 12V, funsani kaye ma amp kapena ma watt ake, ngati ali ofanana ndi a ka 55 dziwani kuti chachikulu ndi sitika yokha.

Kwa ine funso lenileni la kuno ku Tete si la mapaundi ayi, ndi loti kodi mukatchaja kuti. Zimaseketsa kuti magetsi opangidwa pa Songo pompa amakafika mpaka ku South Africa koma m'misasa yambiri ya asodzi m'mbali mwa nyanja yomweyi mulibe olo soketi imodzi. Nde musanagule kamota ka 80 ganizirani kuti madzulo aliwonse mabatire awiri olemera makilo 30 lililonse akufuna kudzazidwa. Ngati mumakhala poti pali magetsi a kampani ya EDM ndipo mita yanu yolipiriratu ya Credelec simavuta, palibe nkhani, gulani chaja yabwino ya ma amp 10 kapena 15, usiku umodzi batire ladzadza. Ngati mumadalira dzuwa werengerani chonchi: batire la 100Ah pa 12V limasunga ma watt-hour 1,200, mukadya theka ndi 600. Sola ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino imakupatsani cha m'ma 400 mpaka 500, ndiye kuti siikwanitsa kubwezera pa tsiku limodzi, mukufunika ya 150W kapena 200W komanso kontorola yake yowongolera kutchaja, osalumikiza sola molunjika ku batire. Ndipo vuto lina ndi loti dzuwa limawala nthawi yomwe batire lili pa nyanja ndi inu, nde ambiri amathera pogula awiri, lina likugwira ntchito lina likutchaja kumsasa, mawa nkusinthana. Wa 24V ameneyo ndiye kuti anayi. Nchifukwa chake kwa munthu wamba wa boti lapakati ndimati imani pa 55, ndipo ngati boti ndi lalikulu kwambiri chepetsani anthu kapena vomerezani kuti mphepo ikadzuka mulizitsa injini ya petulo.

Batire likhale la deep cycle, lopangidwira kukhetsedwa nkutchajidwa tsiku ndi tsiku, lija la sola la gel kapena AGM limagwira, osati la galimoto. La galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini kenako alternator nkubwezeretsa, mukamalikhetsa tsiku ndi tsiku mapuleti ake opyapyala aja amatha pa miyezi yochepa chabe. Nthawi yomwe lingakuyendetseni mumaipeza pogawa ma Ah ndi ma amp omwe kamota kakudya. La 100Ah pa kamota ka 55 kali pa sipidi yomaliza ndi 100 kugawa 50, maola awiri, koma lamtovu silifunika kutsika kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye kwenikweni ndi ola limodzi lokha. Anthu amakhumudwa akamva izi. Koma pa sipidi yotsika yoyendera m'mbali mwa mitengo kamadya mwina ma amp 10 mpaka 15, apo mupeza maola atatu mpaka asanu, ndipo sikuti kamalira tsiku lonse, mumayatsa nkuzimitsa. Gulani kamultimita kotchipa m'maloja a zamagetsi mu mzinda wa Tete, batire lodzaza litapuma limaonetsa 12.6 kapena 12.7, likafika 12.2 ndiye kuti lili pa theka, nthawi yogwira nkhafi yakwana.

A lithium aja, LiFePO4, ndi abwino zedi, la 100Ah limalemera makilo 12 kapena 13 basi ndipo mutha kulikhetsa pafupifupi lonse osaliononga, nde limodzi limagwira ntchito ya awiri amtovu. Mtengo wake ndiye umapweteka, komanso limafuna chaja yake yoyenera. Amene muli nazo gulani, makamaka ngati mumanyamula batire pamutu kuchoka kumsasa kutsika kugombe. Kaya lamtovu kaya la lithium, kutentha kwa kuno kofika 40 nkupitirira mu Okutobala ndi Novembala kumadya moyo wa batire, liikeni m'bokosi pamthunzi pansi pa mpando, osati pa aluminiyamu wotentha dzuwa likuliwomba. Lamtovu lotsegula zivundikiro muziliyang'ana madzi pafupipafupi, muzithira madzi a batire enieni osati a m'nyanja.

Chinthu china chomwe chimasintha nthawi ya batire ndi mtundu wa sipidi. Timota totchipa tili ndi magiya 5 kutsogolo ndi 3 kumbuyo, pa magiya otsika moto wina umangotayika ngati kutentha m'makoyilo. Tina tili ndi sipidi yongopotokola mosadumpha, pa bokosi amalemba variable speed kapena PWM, a Minn Kota amati Digital Maximizer, timeneti pa sipidi yotsika timasunga batire kwambiri. Kwa munthu wotchaja pa sola ndalama yowonjezerayo imabwerera. Kamota kaja ka GPS koimitsa boti malo amodzi kokha, ndi ka ma lodge, kasiyeni. Komanso musalipire zambiri pogula timota toyera topangidwira madzi amchere, pokhapokha ngati mumapita kukawedza ku Beira.

Kenako utali wa mwendo wake, shafiti. Apa anthu ambiri safunsa nkomwe koma kamota kamphamvu kali ndi mwendo waufupi ndi kopanda ntchito, pulopela imangomeza mpweya nkumalira phwaphwaphwa pamwamba pa madzi, nsomba zonse kuthawa. Ikani boti m'madzi ndi katundu wake wa masiku onse, tengani tepi muyeze kuchokera pamwamba pa thabwa lakumbuyo pomwe mudzamangirire kufika pamadzi. Pa nambala imeneyo wonjezerani masentimita 50. Cholinga ndi choti chimutu cha mota chimire osachepera masentimita 30. Ngati mwayeza 35, kuwonjezera 50 ndi 85, mugula shafiti ya mainchesi 36 yomwe ndi masentimita 91. Zimapezeka za 30, 36, 42 nkumapita mtsogolo. Mukakayika tengani yaitali chifukwa pali kolala yotsitsira ndi kukwezera, yaitali mutha kuikweza koma yaifupi simungaitalikitse. Oika kutsogolo kwa boti awonjezerenso pang'ono popeza mphuno ya boti imadumpha pa mafunde.

Abale a mabwato ogoba musaone ngati mwasiyidwa. Bwato ndi lopapatiza, limang'amba madzi mosavuta, ka 30 kakukwanirani ndipo kamadya ma amp 30 okha pa sipidi yomaliza. Vuto ndi poti kagwire, bwato lilibe thabwa lakumbuyo. Pezani thabwa lolimba la mlombwa kapena mtengo wina wosawola msanga, lipingase bwato cha kumbuyo nkutulukira mbali imodzi masentimita 25 kapena 30, limangidwe ndi mabawuti osati misomali, kumapeto kwake muimikepo kachidutswa konenepa koti zomangira za kamota zilume. Batire likhale pansi penipeni pakati pa bwato cha mbali inayo pang'ono kuti lilinganize kulemera, ndipo limangidwe lisamayendeyende. Pokhota khotani pang'onopang'ono, mukapotokola mwadzidzidzi pa sipidi yayikulu kamota kamakankhira chammbali ndipo bwato litha kupendama, m'madzi mwa ng'ona muno si mosewera.

Mawaya nawo. Kamota kamabwera ndi waya wake wa mita imodzi ndi theka kapena kuposera pang'ono, ngati batire lili kutali ndipo mukufuna kuwonjezera musatenge waya wa magetsi a m'nyumba wa 2.5, ameneyo pa ma amp 50 amatentha mpaka pulasitiki kusungunuka ndipo mphamvu imathera m'njira, inu nkumati kamota nkofooka. Pitani kwa mestre wa zamagetsi a galimoto kapena ogulitsa zowotcherera mupeze wa 16 mm², mitu yake ikhale yokanikizidwa bwino ndi yothina, osati tizopanira ta ng'ona tija tongoluma. Pafupi ndi pulasi ya batire ikani breaker kapena fyuzi, ya 50A pa timota ta 30 mpaka 45, ya 60A pa ta 55 ndi 80. Pulopela ikakodwa m'machera kapena m'namasupuni inu mukukakamizabe, ma amp amakwera ndipo popanda breaker chimapsa ndi mota. Pa mitu ya batire pakani girizi pang'ono kuletsa zoyera zija zimayanga pa mituyo.

Ndipo poti tatchula machera, nyanja yathu yadzaza zidutswa za ukonde ndi nayiloni zotayidwa. Tsiku lililonse mukatuluka m'madzi chotsani waya wa batire, masulani nati ya pulopela, yang'anani kuseri kwake. Mupeza nayiloni yadzikulunga pa shafiti yaying'onoyo mothina kwambiri mpaka kuoneka ngati kawashala, imeneyo imadya silo, kotsekera koletsa madzi kulowa, pang'onopang'ono, madzi nkulowa mkati mwa mota, basi mwataya. Ichotseni ndi kampeni. Pamenepo palinso kapini kachitsulo kopingasa komwe kamagwira pulopela, kamapindika kapena kuthyoka mukagunda chitsa, pogula kamota itanitsirani limodzi pulopela yapadera, mapini angapo ndi nati, chifukwa m'maloja a kuno simuzipeza ndipo kudikira kuti wina abwere nazo kuchokera ku Johannesburg kapena ku Harare kudzera pa Cuchamano kutha kukudyerani nyengo yonse ya mcheni.

Owedza mumtsinje, kumunsi kwa damu mpaka kudutsa pa mlatho wa Samora Machel, dziwani kuti Zambezi imasintha malinga ndi madzi omwe atsegula ku damu. Pakati pa mtsinje pomwe madzi akuthamanga kuposa liwiro la kamota kanu, olo kakhale ka 80 mungoima malo amodzi batire likutha. Kweretsani boti ndi injini ya petulo, pobwerera muzitsika ndi madzi, kamota kangokhala kowongolera kuti mudutse pafupi ndi mabango kapena kuseri kwa chisumbu pomwe mcheni umabisalira. Komanso kachetechete wakeyu ali ndi vuto lake, mvuu imamva injini ya petulo patali nkudzionetsa koma aka mutha kufika pamwamba pake isanadziwe, nde malo omwe mukudziwa kuti pamakhala mvuu muzigogoda mbali ya boti ndi nkhafi ngati mmene amachitira amabwato.

Kamota kakafika musathamangire ulendo wautali. Dzazani batire, lembani voteji yake, kwezani anthu ndi katundu wa masiku onse, valani majekete oyandama, nkhafi ziwiri zikhalemo. Sankhani tsiku lomwe kuli kamphepo ndithu osati bata, ndipo yambani molunjika komwe mphepo ikuchokera kuti zikavuta ikubwezereni kugombe. Ngati pa sipidi 3 boti likupitabe kutsogolo molimbana ndi mphepo ndiye kuti mwasankha bwino. Ngati mpaka mufike pa 5 kuti lingosuntha, kachepa, muchepetse katundu kapena mukagulitse kwa wa bwato mutenge kokulirapo. Yendani theka la ola pa sipidi yomwe muziwedzera, zimitsani, gwirani mawaya ndi mitu ya batire mumve ngati zatentha, pomwe patentha ndiye kuti sipanathine kapena waya ndi wochepa. Dikirani mphindi 20 kapena 30 batire lipume kenako yezaninso voteji, kusiyana kwa manambala awiriwo kukuuzani kuti mungapite patali bwanji musanafike pa 12.2, ndipo theka la mtunda umenewo ndi pomwe muzitembenukira.